Nsalu Yoyera ku Mufakose

Magetsi atathima Lachisanu lija,
Munashe anaguzira jenereta kuseri kwa holo,
napachika nsalu ya pabedi pakhoma.
Ndinabwera ndi atate, a Likongwe,
omwe makina a fodya ku Southerton
anawatafuna makutu zaka makumi atatu.

Kanemayo ngwa ku Jeremani,
wamkulu kuposa nkhalamba iliyonse mu Harare,
wakuda ndi woyera ngati khwangwala,
wogwa timadontho ngati mvula yamawawa.
Anthu ake amayasama, mawu osatuluka.
Zikope zopaka makala,
maso tong'o, dzanja pamtima.

Anyamata akumbuyo anayamba n'kuseka.
Nsanja za makatoni! Mwezi wa pepala!
Chombo chopita kunyenyezi, chonga botolo la mankhwala a chifuwa,
chikulendewera pa ulusi woonekeratu.
Mafoni ankawala m'manja mwawo ngati ziphaniphani.

Kenaka panatulukira munthu wachitsulo,
naima pambali pa mmisiri wowonda,
kutsanzira chigongono, kutsanzira phewa,
kutsanzira ngakhale kapukutidwe ka thukuta
lomwe iye analibe.
M'mawa mwake mmisiri uja
anamupatsira chipewa chake pachipata.

Ziphaniphani zinazima imodziimodzi.
Mtsikana yemwe kompyuta inamulanda mpando kubanki
analeka kutafuna maputi.

Zilembo zachijeremani zinkabwera n'kupita,
palibe anaziwerenga.
Koma atate anandikodola,
nakuwa mmene amakuwira osadzimva:
“Uyo akuti msana wanga!
Uyo akuti nanga ana ndikawauza chiyani?
Wachipewa chachitaliyo akunama, taona chibwano!”
Holo yonse inacheuka.
Palibe anati chete.

Ine amene ndimawamasulira nkhani za pa wailesi
ndi zala, ndi milomo, ndi kutopa,
usiku umenewo ndinali wogontha ndine.
Iwo ankamva zonse:
kulira kwa lamba, kukukuta kwa mano a gudumu,
belu la sikisi koloko
lomwe kanemayo sanalize n'komwe.

Petulo anatha nkhani isanathe.
Jenereta inatsokomola kawiri,
wachitsulo uja akukweza dzanja,
kaya kumenya, kaya kupepesa.
Panatsala nsalu yokha, ndi chigamba chake pakona.

Pobwerera, tikulambalala madzi a paipi yophulika,
ndinawagwira nkhope kuti aone milomo yanga:
“Ndiye zinatha bwanji?”
Anaseka, nasisita chigongono chawo chakumanja.
“Ukufunsa za kanema?
Ndinalimo, mwanawe.
Anangoiwala kundijambula.”