Njinga ya Madontho Khumi ndi Awiri

Kabolodi kanabwera pa basi ya usiku yochokera ku Lusaka,
kokulungidwa m'sokosi ya msuweni wanga,
kochepa ngati bokosi la machesi,
timiyendo take tili ndandanda ngati ta bongololo.
A Shawa anati: masabata asanu ndi limodzi,
mubwere ndi chinthu choyaka, choyenda, chomvera chala.

Ine ndi Tilyenji tinasankha gemu.
Sikirini tinaisolola m'foni yakufa ku Kapata,
kwa mnyamata wokonza mawailesi kuseri kwa a salaula.
Mabatani awiri, la kumanzere ndi la kumanja,
tinawazula pa rimoti yamasiye.

Magetsi akapita, ndipo ankapitadi,
tinkaika msomali pambaula mpaka ufiire
n'kusungunulira mtovu.
Chipsera chikadali pa chala changa chamkombaphala,
chofanana ndi kachizindikiro kaja
ndinaiwala kumapeto kwa mzere wa 83,
kamene kanatidyera mausiku atatu.

Tinkafuna Chipata yense alowemo:
phiri la Kanjala, agalu a ku Mchini,
malole a fodya, mvula ya Januwale.
Kachipu kanakana. Mutu wake ngwa mpheta.
Tinayamba kutsitsa katundu ngati lole yotitimira.
Phiri linatsika. Agalu anatsika.
Mvula Tilyenji anaimenyera nkhondo masiku awiri,
kenako anaifufuta yekha, osandiyang'ana.
Kunatsala njinga ya madontho khumi ndi awiri
ndi maenje otsetsereka kuchokera kumwamba.

Njingayo ikafika kumalire a kumanja
inkazimirira n'kutulukira kumanzere,
ngati wageni wodziwa tinjira ta ku Mwami.
Tinafufuza cholakwacho, tinachipeza,
koma tinachikonda, tinachisiya.

Lachisanu lina atate anafika atatopa,
buluku lomangidwa ndi mphira pa akakolo.
Zaka makumi awiri akupalasa anthu
kuchokera ku Saturday Market mpaka ku Nabvutika.
Anatenga kabolodi ngati akutenga mwanapiye.
Dzenje loyamba, khu! Lachiwiri, khu!
Kasipika kanalira ngati udzudzu wowaseka.
Anakaika pansi.

"Msewu wako ngwabodza," anatero.
"Dzenje siligwa ngati mphenzi.
Umaliona likadali uko,
umamva wokwera akukukoka malaya.
Ndipo njinga yonyamula munthu
sikhota ngati ntchentche. Imalemera.
Umayamba kukhota dzenje lisanafike."
Anapempha madzi osamba.

Usiku umenewo ndinaphunzitsa madontho kulemera.
Ukadina batani, njinga izengereze pang'ono,
ipendekeke, kenako imvere.
Malo anasowa, tibaiti khumi ndi tinayi tokha.
Ndinayang'ana chotsala choti n'kutaya,
ndinapeza maina athu awiri
amene ankayamba kuwala ukayatsa.
M'mawa ndinauza Tilyenji.
Anati, "Ndimaesa wafufuta langa lokha."

Tsiku loonetsa, waya wa batire unasomphoka.
Tilyenji anaupanikiza ndi chikhadabo
mphindi zisanu ndi ziwiri, akumwetulira ngati palibe kanthu,
a Shawa akugwera m'maenje mmodzimmodzi,
taye ali paphewa, lilime lili panja.
Anafika pa 19. Anatipatsa 68.
Analemba m'mphepete: mawaya akuoneka ngati chisa cha khoswe.
Sananame.

Kabolodi tsopano kamakhala m'chitini cha batala
chobooledwa mawindo ndi mpeni,
pamwamba pa kabati, pafupi ndi pampu ya njinga.
Ana a pa mdadada amabwera kudzapanga mzere.
Ukayatsa palibe dzina limatuluka,
koma nambala imodzi imene kachipu sikaiwala
ngakhale uchotse batire:
212.
Anaiika atate Lamulungu lina ife tili kutchalitchi.
Ine ndinalemba mzere uliwonse wa msewu umenewo,
ndikudziwa pamene dzenje lililonse limabadwira,
koma sindinapitirirepo 140.