Kuwala Kobwereka

Tsiku lonse ndapukuta magalasi a sola ku Kanzimbe,
mizere italiitali kuposa munda wa thonje wa malemu bambo.
Fumbi la Okutobala, zitosi za akhwangwala,
msana ukulira ngati chitseko chakale.
Magetsi ake amakwera nthambo kunka kutali.
Kwathu timayatsa tochi.

Tcheni cha njinga chandidukira panjira,
ndikubwera chokankha.
Ndaziona wandichingamira, yunifolomu sanavule,
chala chili kuzambwe, cha ku mapiri a ku Dowa:
Ababa, taimani kaye.

Mwezi wa masiku atatu, kachikhadabo kowengedwa.
Koma wafukata mwezi wina wathunthu,
wotuwa ngati phulusa la dzulo,
ngati nkhope ya munthu ali m'neti ya udzudzu.
M'munsi mwake nthanda ili mbee, yosaphethira.
Chapamwamba ina yachikasu,
yodekha ngati ng'ombe yokhuta.

Ziwirizo si nyenyezi, akutero mwanayu,
ndi maiko, abale ake a lathu lomweli.
Ndikuti chabwino mayi,
nanga mdima wa mweziwo wauyatsa ndani?

Ndife, ababa.
Dzuwa likamenya mitambo yathu,
nyanja zamchere, mchenga wa m'zipululu,
kuwalako kumanjanja, kukagwa kumwezi,
kenaka kubwerera m'maso mwanu kutatopa.
A Mkwezalamba anatijambulira pa bolodi
ndi kachoko kotsala ngati njere ya chimanga.

Ndaseka mpaka kutsokomola.
Ife? Eni ngongole ya feteleza,
eni denga lodikira mvula ndi mabeseni?
Dziko lomwe ndimaliponda ndi nkhwaira zakuthazi
ndi nyali ya wina?

Sanandiyankhe. Amangoyang'ana kumwamba,
kukamwa kuli yasa, udzudzu ukumudya akakolo.

Magalasi anga aja amamwa dzuwa, sabweza.
Koma mwina malata a tchalitchi cha ku Brazil,
mwina chovala choyera chili pachingwe
kumaiko kumene kudakali masana,
munthu wosadziwa n'komwe kuti Salima aliko
watitumizira kaphulusa aka.

Mawa uyamba kunenepa, akutero,
wotuwayo azilala, sabata isanathe asowa.

Taima pomwepo mpaka mlambe wa kwa Nasiketi
wameza nthanda, kenaka nyanga zonse ziwiri.
Yachikasu ija yatsala yokha, siikufulumira.

Iye wagwira chishalo, ine mahandulo.
Tochi ali m'thumba.
Sindinamuyatse mpaka pakhomo.