Chala Chopindika

Ndinatsika thekisi ku Meadowlands
ndi kapepala ka nambala ya nyumba,
kofewa ndi thukuta la m'thumba.
Ndinabwera ndi mkwiyo wa amayi,
umene anausunga zaka makumi atatu m'sutikesi
pamodzi ndi kalata imodzi yochokera ku Theba.

Anatsegula geti ndi mayi wonenepa, wovala yunifolomu ya unesi.
Dimakatso.
Dzinalo lilime langa linapunthwa nalo kawiri.
Iye Chichewa ayi, ine Chisutu ayi,
tinangokumana pakati pa Chingerezi chothyokathyoka
ngati anthu awiri pa ulalo wa mtengo umodzi.

Kwathu ku Dowa mwana ndi wa kuchikazi.
Uyu sali m'mbumba ya malume,
alibe munda, alibe malo kumanda kwathu.
Ndiye ndi ndani wanga?

Anandipatsa tiyi.
Polandira kapu ndinaona chala chake chakaniye,
chopindika kunsonga ngati mbedza.
Ndinayika dzanja langa patebulo.
Anayang'ana, nayang'ananso,
supuni n'kumugwa.

Munthu amene ine ndimamudziwa pa chithunzi
iye anamusambitsa, namupukuta chifuwa
fumbi la mgodi litamudya mapapo.
Ine ndinatsala ndi chiwongo, Mbewe,
iye anatsala ndi chifuwa cha usiku ndi ngongole ya bokosi.
Ndani anaberedwa kwambiri? Sitinawerengetse.

Madzulo anandiperekeza ku Avalon.
Manda ake ndi mzinda, misewu ndi manambala,
palibe mtengo wa msolo, palibe wokuuza kuti vula nsapato.
Pamwala analemba dzina molakwitsa,
chilembo chimodzi chinasowa,
monga mwini wake.

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi ya masiku awiri.
Onse anathawa.
Koma iye anagwada, nazula kaudzu,
n'kunena mawu okhawo amene anatola mkamwa mwa malemu
masiku omaliza, mutu utayamba kubwerera kumudzi:
"Mvula yabwera, lowetsani mbuzi."

Anandifunsa tanthauzo lake.
Ndinaseka mpaka misozi, ndinalephera kumasulira.
Mbuzizo tinagulitsa kalekale
kuti ndilipire fizi ya Folomu Thu.

Pobwerera anandigwira dzanja podutsa msewu,
ngati ndine mwana, chonsecho wamkulu ndine.
Usiku amayi anaimba foni: "Wamupeza?"
Ndinati, "Ndapeza chala chake."
Kunali zii. Kenako anati,
"Mufunse ngati amadya chiponde, ndimutumizire."