Tsiku la m'kabuku

Anati mwanabele uja waphwa,
koma mawu oti "mwachira" sanawatchule.
Anangolemba tsiku lina m'kabuku,
miyezi itatu kutsogolo.

Ndiye lero ndalawirira ku Zolozolo
chifunga chisanachoke pa Luwinga,
wanjinga akupalasa, ine ndikuwerenga mitengo.

Sisitala Nyakaonga amayamba afunditsa manja
asanandigwire m'khosi.
Zala zimatsika ngati zikusankha nyemba,
m'khwapa, m'mphechepeche.
"Thukuta la usiku?" Ayi.
"Lamba mwaboolanso?"
Ayi, ndabwerera pa bowo lakale.
Sikelo yandiikira umboni: makilo awiri.

Kenaka timabotolo tiwiri ta magazi anga
tikwera galimoto ya ku Lilongwe
kundisiya mwiniwake pabenchi.
Akuti kumeneko amasakamo chimene chala sichingamve,
kambewu kamodzi kobisala m'chigulu.

Ndinacheka matabwa ku Chikangawa zaka khumi ndi zinayi,
moto ndimaudziwa.
Umazima pamwamba,
anthu n'kutola makasu awo kumapita,
pamene uwo walowa m'chitsa, ukulondola mizu,
kudikira mphepo ya Okutobala.
Tinkabwererako m'mawa mwake
kukaponda phulusa opanda nsapato.

Tsitsi lamera, lofewa ngati la khanda.
Jenala amayesa ndagona
akamandipapasa kuseri kwa khutu pakati pa usiku.
Ine ndimangopuma ngati wam'tulo
mpaka amalize kuyeza kwake,
atembenukire kukhoma.

Akuti adzaimba Lachinayi.
Foni ndaitchaja kale,
ndaiika pazenera pamene imagwira bwino,
pafupi ndi mbewu ya tomato
imene ndafesa dzana, osafunsa aliyense.