Lilime la Ndaziona

Chisanu cha pa Lizulu chili ndi mano,
chimayamba ndi zala.
Ndisanatulutse njinga yanga ya kabaza
dzanja la Ndaziona latambasuka kale pakhomo:
"Ababa, ya jigisi."
Lonjezo kumbuyo kwake, mamina ali chuchuchu:
"Ine ya filizesi."
Filizesi mu Juni, mwana iwe!

Usiku wina ndinawerengera pachikuto cha kope lakale.
Mazana asanu uyu, mazana asanu uyo,
masiku asanu, masabata anayi.
Ndinaika bolopeni pansi.
Kani chitunda chonse chija cha ku Mlanda,
thumba la kachewere kumbuyo, malaya atamatirira kumsana,
ndimapalasira mpweya
wotsekeredwa m'kapepala konyezimira?

Mayi awo ali ku Lilongwe, akulera ana a eni.
Sindinawaimbire.
Ndinapita kwa a Nanyoni, aja a nthochi kuseri kwa makabichi,
kukapempha zija zada makoko
zoti dzuwa likapendeka zipita kwa nkhumba.
Anaseka mpaka kumanganso chitenje.
"Chigumu, inuyo? Soda muika wochuluka bwanji?"
Ndinati kaya.
Anandionetsa pansonga ya chala.

Choyamba chinapserera pansi, pamwamba chikadali phala.
Galu ananunkhiza, n'kundiyang'ana.
Chachiwiri ndinachepetsa moto kunsi kwa poto,
makala ambiri ndinaunjika pachivundikiro.
Mgaiwa, nthochi zisanu,
nsinjiro zodzaza chikhatho, kamchere.
Shuga ayi,
nthochi zakupsa sizifuna wozilankhulira.
Fungo linamudzutsa Lonjezo ndisanamuitane.

Ndinazolowera.
Tsiku lina mtedza m'chiwaya, ndikuvundula ndi supuni yopindika,
tsiku lina mbatata yogona paphulusa usiku,
yokulunga m'nyuzipepala,
imawafunditsa m'manja njira yonse ya kusukulu
isanawafunditse m'mimba.
Mapichesi akapsa ku Bembeke
ndimabwera nawo m'thumba la jekete.

Koma Ndaziona anandisungira nkhope sabata yathunthu.
Kakontena ankakabisa pansi pa makope
ngati wanyamula nkhuku yakuba.
"Anzanga akuti ndimadya zachimidzi."
Ndinati, nanga kuno ndi ku Joni?
Sanaseke.

Ndiye Lachisanu lina akubwera,
lilime lili psuu, zala zachikasu.
Ndalama waitenga kuti?
Chala chaphazi chinayamba kukumba dothi.
"Ndinasinthanitsa.
Mwana wa aphunzitsi amandipatsa mapaketi awiri
pa chidutswa chimodzi."

Ndinafuna kukalipa,
mawu anakakamira pakhosi,
kuseka kunatulukira m'mphuno.
Mapaketi awiri!
Chigumu changa, chija galu anachikana,
lero chili ndi mtengo wake pabwalo la sukulu.
Tinapangana: chidutswa chimodzi n'cha mimba yako,
chimenecho sichiyenda malonda.
Chinacho uone wekha.
Anagwedeza mutu, n'kufunsa kuti soda amakhala pati.

Tsopano Lamulungu madzulo timakanda awiri.
Iye amaphwanya nthochi ndi foloko,
ine ndimayang'anira makala,
Lonjezo amanyambita mbale, ati ndiyo ntchito yake.
M'chitini cha polishi pamwamba pa khoma
mwatuluka tayala lakumbuyo,
mwatuluka nsapato za Lonjezo, zazikulu pang'ono,
adzakuliramo.

Mwezi utatha mayi awo anatsika minibasi
atanyamula mabisiketi a m'tauni.
Ana anadya, inde, ndi ana.
Ine ndinangodula chidutswa n'kuika pambale.
Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali kudenga,
ngati woweruza mlandu wa malire.
"Soda wachuluka," anatero.

Lolemba m'mamawa powaperekeza kumsewu,
nkhungu itaphimba phiri,
ndinawanyamulira chikwama.
Chinali chofunda mbali imodzi.
Pobwerera ndinavundukula poto:
munatsala nyenyeswa zokha.