Zimene Anadula

Oyamba anabwera mu Juni, nkhungu itaphimba Lizulu,
atavala malaya obiriwira a kampani.
Anandiimika pageti la a Chimbalanga,
eni ake atapita kumaliro ku Mlangeni,
nkundipatsa makiyi a galimoto yomwe anabwerera.
Gwedezani makiyiwo, mayi. Sekani.
Nenani kuti botolo ili landichotsa pakabichi.
Ndinabwereza kasanu ndi kawiri, mpaka mano kuzizira.
Atatha anatenga makiyi awo,
ine nkubwerera pamulu wanga wa kachewere.

Kanemayo anayenda m'mafoni mpaka ku Tsangano.
Amayi akumpingo ankandiloza ndi milomo:
Lufina uja wawoloka.

Achiwiri anabwera patapita zaka ziwiri,
mabotolo makumi anayi atatha masiku pansi pa bedi.
Awa anati abwera kudzaulula chinyengo.
Mkulu wawo, a Kamtedza, anayang'ana nsapato zanga
nkupukusa mutu. Mulibe zakale?
Wailesi anaibisa kuseri kwa chitseko,
mipando iwiri ya pulasitiki anaitulutsa,
anandikhazika pamkeka pafupi ndi khoma long'aluka,
la khitchini, chifukwa la nyumba ndi labwinobwino.
Nkhuku zanga khumi ndi zinayi anazipirikitsa
nkusiya imodzi yothothoka m'khosi.

Ndinalankhula maola atatu.
Ndinati mbuzi ndinagulitsa, inde, zonse ziwiri.
Ndinatinso mwezi wachitatu ndalama inabwera,
ndinagula malata asanu ndi limodzi, ndi awa ali pamwambawa.
Ndinati ndalamayo inachokera kwa Esinta, mlamu wanga,
amene ndinamunyengerera ndekha pachigayo,
ufa uli m'nsidze tonse awiri,
ndikudziwa kale kuti madziwo sachiza shuga,
poti atate anga anamwa mabotolo asanu
ndipo phazi analidulabe.
Ndinati Esinta anakongola kubanki ya m'mudzi,
anzake anadzamulanda makina osokera.
Ndinati lero tikakumana pamjigo
amaika chidebe pansi
nkuyang'ana ku Mozambiki mpaka nditachoka.

Apo misozi inatsika yokha.
A Kamtedza anakodola wa kamera: sendera.

Usiku wina mwana wanga analowa ndi foni,
bando ya maola awiri, batire latsala pang'ono.
Mphindi zinayi.
Mbuzi zilimo. Khoma lilimo.
Nkhuku ija yadutsa kawiri.
Malata mulibe, kamera sinakweze maso.
Esinta mulibe.
Misozi yake anaisokerera kumchira kwa mbuzi,
msoko wake wosaoneka,
kagitala kakulira pansi ngati pasiwa.
Kenako munthu wa taye, amene sanapondepo kuno,
anafotokoza kuti anthu ngati ine
sitidziwa masamu.

Ine, amene ndimawerenga chenji cha mabasi atatu
nthawi imodzi, pawindo, akunyamuka.

Zoti kampani ija ndi mbava, sindikukana.
Ikani zimenezo pa wailesi iliyonse.
Koma makwerero aja ndinakwerapo sitepe imodzi,
ndipo sitepeyo inali msana wa munthu.
Ndinawauza. Lumo lawo linamva.

Tsopano amandimvera chisoni mpaka ku Kampepuza.
Amayi abusa anandibweretsera paketi ya shuga
ndi sopo wamtanda.
Ndinalandira ndi manja awiri. Ndikanatani?
Wina wa kubungwe akufuna ndikalankhule ku Lilongwe,
akuti ndikavale chitenje chomwe chija.

Maola atatu aja ali kuti?
Mwina m'kabokosi kena, m'tauni,
mmene mawu anga akuyankhulabe okha mumdima,
akutchula chigayo, makina, dzina la mlamu wanga.

Dzulo pamjigo ndinapeza Esinta.
Sanayang'ane ku Mozambiki.
Anapopa mpaka chidebe kusefukira,
anakonza nkhata, ndinamuthandiza kusenza,
madzi akutidonthera tonse m'mikono.
Atayenda mapazi atatu anatembenuka pang'ono,
khosi lowuma pansi pa katundu,
nkuti: Ndinakuona pafoni.
Unalira bwino.