Mphete Imodzi Imodzi

M'shopu ya ku Msasa, kuseri kwa garaja ya malole,
Nyaradzo waika patebulo makosi awiri a mphira.
"Sankha," akutero, ngati ndabwera kudzagula tomato.

Loyamba ndi lopyapyala ngati chubu cha njinga,
limakumbatira khosi osasiya mpata ngakhale wa tsitsi,
koma chikhadabo chimodzi chitha kuling'amba.
Linalo ndi lochindikala, lofunda, lopirira,
koma ukacheuka limalowetsa dontho,
dontho lozizira loyenda ndi msana
ngati uthenga wobwera usiku.

Ine mwana wa ku Mbare, mzinda wopanda nyanja,
kumene madzi timawalindira pamzere ndi zigubu,
lero ndikulipira kuti asandikhudze.

Ndatenga lopyapyalalo.
Bambo anamata machubu ku Siyaso zaka makumi atatu,
fungo ili ndi la manja awo.

Ndalivala. Maso tong'o, mitsempha ya pamphumi yatupa.
Nyaradzo akuseka, akundipatsa sizasi.
"Dula mphete imodzi, uyese, udikire.
Chomwe wadula sichiphukanso."
Ndadula imodzi. Likundikanyangabe.
Yachiwiri. Malovu akudutsa mopempha njira.
Dzanja layamba kale kulondola yachitatu
koma iye wandigwira mkono:
"Lisiye ligone. Lizolowera mwini wake."

Tsopano magolovesi.
Waponya kiyi pansi. "Tola."
M'magolovesi ochindikala zala zanga ndi chinangwa,
kiyi akundithawa mpaka kunsi kwa shelefu.
M'opyapyala ndamutola msanga, ndamva ndi mano ake omwe,
koma akuti madzi a mu Juni adzanditafuna zala
ndisanamalize n'komwe kuwerenga mpweya wotsala.
Kufunda kapena kumva, zonse ziwiri sizigulidwa pamodzi.
Ndasankha apakati, osakhutira,
ndawerenga madola ofwifwa kawiri.

M'kombi ndakumbatira chikwama ngati khanda,
ufa woyera uli mbuu pa thalauza.
Loweruka ndidzamira koyamba m'dziwe la sukulu,
mamita atatu okha, matailosi obiriwira pansi,
ndipo ndidzadziwa ngati ndinadula bwino.

Usiku uno khosi lija ndaliveka chigubu cha madzi
kuti litanuke pang'ono pofika m'mawa.
Amayi aima pakhomo la khitchini, tochi m'manja,
akuyang'ana chigubu chovala kolala ngati m'busa.
"Nanga ichi chikupita kuti?"
Sindinayankhe. Mpopi wakhosomola kawiri,
kenaka zii.